Injini Zinasintha, Matope a ku Chiradzulu Sanasinthe

Mvula ikakhazikika mu Januwale, galimoto yochokera cha ku Milepa kapena ku Namitambo imadziwika isanaime n'komwe. Kunsi konse kumakhala kuli thapsa matope, ndipo ukatsegula boneti umapeza kuti alowa mpaka m'kati: amata pa rediyeta, akuta mawaya, auma gwa pamwamba pa injini chifukwa cha kutentha. Chotsatira chake aliyense amachidziwa. Dalaivala amaitana mnyamata waganyu, mnyamatayo amabwera ndi ndowa, sopo waufa ndi sanza, kapena payipi ya makina opopera madzi mwamphamvu ngati pali magetsi, n'kuyamba kukhuthulira madzi pa injini. Nthawi zambiri galimoto imalira bwinobwino n'kumapita. Koma tsiku lina imakana kulira, kapena imalira monjenjemera, kanyale kachenjezo katayaka pa dashibodi, ndipo mlandu wonse umagwera wotsuka uja kuti ndi mbuli. Chiweruzo chimenechi n'chopupuluma. Kutsuka injini mokhuthulira madzi si umbuli. Ndi luso lomwe linaphunziridwa pa injini za mtundu wina, m'nthawi ina, ndipo pa injini zimenezo linkagwira ntchito. Chomwe chinachitika n'chakuti galimoto zinasintha msanga kuposa misewu, ndiponso msanga kuposa njira yomwe anthu amapatsirana nzeru za galimoto.

Nkhaniyi iyambire pa dothi. Chiradzulu ndi boma laling'ono, losafika masikweya kilomita 800, koma kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000, kutanthauza kuti ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Kumene kuli anthu ambiri chomwechi, pafupifupi malo onse ndi minda, mitengo ndi yochepa, ndipo madzi a mvula amathamanga ndi dothi n'kukalitula mumsewu. Dothilo si lamtundu umodzi. Kumtunda, kufupi ndi phiri la Chiradzulu ndi m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, kuli katondo wofiira amene amaterera akanyowa, n'kusanduka fumbi losalala m'chilimwe. Ukamatsikira kum'mawa, cha ku chigwa cha Phalombe, umakumana ndi makande akuda, omwe amakakamira pa chilichonse ndipo akauma amafuna chogobera. Woyendetsa galimoto m'bomali amalimbana ndi onse awiri, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chaka ndi chaka.

Galimoto isanabwere, matope amenewa ankatsukidwa kumiyendo ya anthu. Angelezi atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891 n'kuika likulu ku Zomba, msewu wolumikiza Zomba ndi Blantyre unakhala wofunika kuposa ina yonse, ndipo Captain Sclater, injiniya wa asilikali, ndiye anayang'anira ntchito youlambula m'zaka za m'ma 1890. Msewu umenewo ndi kholo la M3 ya lero, yodutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi. Koma chomwe chinkayenda pamenepo anali anthu: amtengatenga osenza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 25 aliyense, ndi onyamula machila momwe munkagona mzungu. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwenso kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe, thonje ndi fodya wa m'maesiteti zinkayenera kufika ku siteshoni. Esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero inkadalira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ndipo ambiri mwa ogwira thangatalo anali Alhomwe omwe anali atangosamuka kuchokera ku Mozambique. Ngakhale anthu a John Chilembwe, usiku wa pa 23 Januwale 1915, poukira atsamunda, ananyamuka ku Mbombwe wapansi kupita ku Magomero ndi ku Mandala, pakati penipeni pa dzinja. Mfundo yake ndi iyi: kuyambira pachiyambi, mtolo wa msewu woipa sunkagwera mwini katundu, unkagwera wolembedwa ntchito wotsikitsitsa. Zimenezo sizinathe.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndiyo inachulukitsa galimoto m'dziko muno, poti asilikali olimbana ndi Ajeremani kumpoto ankafuna chakudya ndi zida. Malole ankathandiza pomwe msewu unali wouma, koma mvula ikagwa ankatitimira, ndipo katundu ankabwereranso pamitu ya amtengatenga, omwe chiwerengero chawo pa nkhondo yonse chinayandikira 200,000. Galimoto yotchuka ya nthawiyo inali Ford Model T, yomwe inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927. Inali yaitali miyendo, yoyenera misewu yokumbika, koma kachipangizo kake kogawa moto ku mapulagi kanali kutsogolo kwa injini chakumunsi, pomwe matope ndi oyilo zinkafikira mosavuta, ndiye kankafuna kutsegulidwa ndi kupukutidwa pafupipafupi. Apa ndi pomwe panabadwira ntchito yatsopano. Galimoto ya mzungu kapena ya mmwenye wa sitolo inkayenda ndi wothandizira, munthu wopukusa chitsulo cholizira injini, wothira madzi mu rediyeta, woika mwala kutayala pa chitunda, wodula nthambi zoyala m'matope, ndipo madzulo wotsuka. Munthu ameneyu ankaiona injini tsiku lililonse ndi manja ake. Ambiri mwa madalaivala ndi amakanika oyamba achikuda anatulukira pa khomo limeneli, kuchoka pa kutsuka kupita pa kugwira sipanala.

Nkhondo yachiwiri itatha, galimoto zinayamba kulowa m'midzi. Nyasaland Transport Company inayamba kuyendetsa mabasi mu 1947, ndipo pambuyo pake inadzakhala United Transport Malawi, UTM imene akuluakulu amaikumbukira. Land Rover inatuluka ku Britain mu 1948 n'kukhala galimoto ya DC, ya alangizi, ya apolisi ndi ya amishoni, monga a ku Nguludi. Malole a Bedford ankatuta chimanga ndi fodya, ndipo kenako mapikapu a Peugeot, Datsun ndi Toyota anayamba kunyamula matola. Tiziyang'anitsitsa injini za galimoto zimenezi, chifukwa mwambo wonse unakulira pa izo. Ukatsegula boneti ya Land Rover yakale, malo ankakhala ambiri moti dzanja linkafika paliponse. Mawaya anali owerengeka. Mafuta ankasakanizidwa ndi mpweya mu kabuleta, kachipangizo kopanda magetsi. Moto unkachokera ku koyilo imodzi n'kugawidwa ndi distributor. Madzi akalowa m'chipewa cha distributor galimoto inkakanadi kulira, koma mankhwala ake ankadziwika ndi aliyense: kumasula tizitsulo tiwiri tomanira, kupukuta m'kati ndi nsalu youma, kuyanika pang'ono padzuwa, kubwezera, basi yalira. Injini za dizilo za nthawiyo zinali zopirira kuposa pamenepo, poti pampu yake ya mafuta inkayenda ndi magiya, ndipo madzi akunja analibe nayo ntchito bola asalowe popumira. Munthu wophunzira pa injini zotere ankatengapo phunziro loona: madzi sapha injini, amangoigoneka kanthawi.

Ndipo chifukwa chotsukira chinali chomveka, monga chililinso lero. Rediyeta imaziziritsa madzi a injini ndi mphepo yodutsa m'timipata take tating'onoting'ono. Matope akatseka timipatato, mphepo sidutsa, madzi amawira, ndipo dalaivala akaumirira kukwera chitunda gasiketi imapsa, mwinanso mutu wa injini n'kupindika. Matope ouma pa injini amasunga kutentha, pomwe onyowa amasunga chinyezi chodyetsa zitsulo dzimbiri. Mchenga ukalowa pa fanibeluti ndi m'mapule ake umazipala pang'onopang'ono. Chachikulu kwa makanika n'chakuti injini yakuda imabisa matenda: oyilo akamadontha, madzi akamatuluka pa payipi yong'aluka, sungaone pochokera mpaka utatsuka. M'dziko lomwe zipangizo zinkachokera kutali ndipo galimoto imodzi inkayenera kutumikira zaka makumi awiri, kutsuka injini kunali mbali ya kuikonza, osati kuikongoletsa. Palafini kapena dizilo ankasungunula girizi, bulashi inkachotsa zotsalira, madzi ankatsiriza.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Stagecoach ya ku Scotland inagula UTM mu 1989 n'kuchokanso mu 1997, ndipo Shire Bus Lines yomwe inalowa m'malo sinakhalitse. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 ndipo malonda atamasulidwa, minibasi zinadzaza msewu wa Limbe–Zomba ndi wopita ku boma la Chiradzulu. Kenako kunasefukira galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan, zodzera ku madoko a Durban, Dar es Salaam ndi Beira. Zinatiyenera pa chinthu chimodzi, chakuti ku Japan nakonso amayenda kumanzere ndipo chiwongolero chili kumanja. Pa zina zonse zinapangidwira dziko lina. Sienta, Vitz kapena Probox ndi galimoto za m'tauni, zofupika miyendo, zopangidwira phula losalala, ndipo kuno zimasenza anthu ndi matumba a nandolo m'misewu yomwe kale inkayendedwa ndi Land Rover yokha. Tisazinyoze, chifukwa zinafikitsa ulendo wa galimoto kwa mayi wa kumudzi amene kale ankadikira basi imodzi patsiku. Koma pansi pa boneti yake muli dziko losiyana kotheratu ndi lomwe amakanika akale anakuliramo.

Kabuleta mulibe. Mafuta amapopedwa ndi mainjekita olamulidwa ndi kompyuta, ndipo kompyutayo imamva za injini kudzera m'masensa: ina yoyeza mpweya wolowa, ina yowerenga kuzungulira kwa injini, ina yonunkhiza utsi wotuluka. Sensa iliyonse ili ndi pulagi yake ya timawaya, yotetezedwa ndi kalabala kopyapyala. Distributor inalowedwa m'malo ndi makoyilo okhala pamwamba pa pulagi iliyonse, m'kadzenje kozama momwe madzi akalowa satulukamo okha. Timalabala timeneti tinapangidwa kuti tipirire mvula ndi madzi othovukira kuchokera mumsewu, osati madzi opopedwa ndi makina kuchokera pafupi, ndipo pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu timakhala titauma kale. Madzi akadutsa, vuto silionekera tsiku lomwelo nthawi zonse. Timapini ta m'kati timayamba kubiriwira, ndipo pakapita milungu galimoto imayamba kudukiza, kumwa mafuta ambiri, kapena kuzima pamsewu popanda chifukwa chooneka. Alternator imalowa madzi a sopo m'mabeyaringi. Bokosi la mafyuzi limasunga chinyezi. Pa galimoto za hybrid monga Toyota Aqua palinso mawaya a mtundu wa olenji onyamula magetsi amphamvu zoti n'kupha munthu. Choncho zinthu ziwiri zinakumana nthawi imodzi: injini yoopa madzi kuposa zakale, ndi makina opopera madzi mwamphamvu kuposa ndowa. Phunziro lakale lija, loti ingoumitsa ilira, linasanduka bodza popanda wolengeza.

Ena amati yankho n'losavuta: injini isamatsukidwe. Amakanika ambiri a m'tauni amalangiza chomwecho, ndipo kwa munthu woyenda pa phula lokhalokha pakati pa Blantyre ndi Limbe langizoli si loipa. Koma silingagwire kwa wonyamula anthu pa msewu wafumbi m'dzinja. Injini zatsopanozi zimaopa kutentha kuposa zakale, poti mitu yake ndi ya aluminiyamu yomwe imapindika msanga, ndipo marediyeta ake ndi opyapyala, a timipata tothinana, okhala kumbuyo kwa rediyeta inanso ya makina oziziritsira m'galimoto. Pakati pa ziwirizi matope amaunjikana pomwe diso siliona. Wosiya matope amenewo amapulumutsa sensa koma amaika injini yonse pa chiswe. Woletsa kutsuka ndi wokhuthulira madzi onse akulakwa mofanana: akuyankha funso lakuti titsuke kapena ayi, pomwe funso lenileni ndi lakuti titsuke pati, ndi chiyani, injini ili yotani.

Ena amati vutoli litha lokha phula likafika paliponse. N'zoona kuti phula lawonjezeka. M3 inamangidwanso m'zaka za m'ma 2010, msewu wa Midima ukudutsa kum'mwera kwa bomali, ndipo wochokera ku boma kulowera ku Chiringa nawonso unaikidwa tala. Koma anthu sakhala pa M3. Minda, zigayo, masukulu, zipatala zazing'ono ndi misika yambiri imafikiridwabe ndi misewu yadothi, ndipo idzakhala choncho kwa nthawi yaitali chifukwa kilomita imodzi ya phula imadya ndalama zambiri. Bungwe la Médecins Sans Frontières litayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, linaona kuti odwala sangathe kumafika onse ku chipatala cha boma, ndiye linatengera chithandizocho ku zipatala za m'midzi. Ntchito imeneyo inayenda pa ma Land Cruiser, m'matope. Komanso nyengo sikutithandiza. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene matope ake anakwirira mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kum'mwera, zonsezi zinagumula milatho ndi kubwezera galimoto m'njira zolambalala zadothi. Wodikira phula kuti lithetse nkhani ya matope adzaona galimoto zingapo zikufera m'manja mwake.

Tibwerere kwa mnyamata wa ndowa uja. Amene amamuimba mlandu amaiwala kufunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Kale njira yophunzirira inali yoongoka: wotsuka ankakhala ndi galimoto imodzi ndi dalaivala mmodzi, kapena pa galaja ya kampani ya mabasi pomwe panali akuluakulu oyang'anira, ndipo zomwe ankaona ndi maso zinali zokwanira kumvetsa injini. Lero wotsuka ndi waganyu wa pa siteji, amalandira galimoto zosiyanasiyana patsiku, amalipidwa pa galimoto iliyonse, ndipo phindu lake lili pa kufulumira. Mwini galimoto naye amafuna kuona injini ikuwala, makamaka ngati akufuna kuigulitsa, ndipo sangalipire nthawi yokulunga alternator ndi jumbo kapena yodikira kuti injini izizire. Zomwe zimawononga injini yamakono sizioneka ndi maso, zimafuna kuuzidwa. Buku la galimotoyo, ngati lilipo n'komwe, lili m'Chijapani. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, imaphunzitsa umakanika, koma wotsuka galimoto sawerengedwa ngati mmisiri ndipo safika m'kalasi. Ndiye tikumuweruza ndi lamulo lomwe sitinamuuze. Monga zinalili ndi wamtengatenga, cholakwa cha msewu ndi cha msika chikulipiridwa ndi wolandira zochepa kuposa onse, amene galimoto ikakana kulira amapita kwawo wopanda malipiro, atanyozedwa pagulu.

Pali mbali imodzi ya mwambo wakale yomwe sindingaiikire kumbuyo, ndiyo kutsukira kumtsinje. Galimoto zili zowerengeka, dizilo ndi girizi wotsukidwa pa mlatho ankaoneka ngati kanthu kochepa. Lero galimoto ndi njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo madzi omwewo a mitsinje ngati Mombezi ndi omwe amathirira tomato ndi kabichi m'madimba, amachapira amayi, amamwa mbuzi. Oyilo pang'ono amayala pamwamba pa dziwe lonse. Malamulo oletsa kuipitsa madzi alipo, monga la zamadzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017, koma safika pa mlatho wa kumudzi. Kutsukira pa mtunda, patali ndi mtsinje ndi mjigo, sikufuna ndalama.

Chodabwitsa n'chakuti njira yoyenera injini za lero ili pafupi kwambiri ndi ya wothandizira wa nthawi ya Model T kusiyana ndi ya makina opopera. Injini iyambe yazizira, chifukwa madzi ozizira pa chitsulo chotentha cha utsi akhoza kuching'alula. Waya wa nekativi wa batire achotsedwe. Alternator, bokosi la mafyuzi, kompyuta ngati ili pansi pa boneti, ndi kamwa lopumira mpweya zikulungidwe ndi majumbo, poti madzi akamezedwa ndi injini amapinda zitsulo za m'kati ndipo pamenepo ndiye yatha. Matope okhuthala anyowetsedwe kaye kuti afewe, kenako achotsedwe ndi bulashi ndi dzanja, m'malo mowaombera. Rediyeta itsukidwe ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kulowera kutsogolo, kuti matope atulukire komwe analowera ndipo timasamba take tisapindike. Pamwamba pomwe pali makoyilo ndi mapulagi a mawaya pangopukutidwa ndi sanza yonyowa. Palafini asafike pa malabala ndi pa beluti. Pomaliza boneti ikhale yotsegula mpaka zonse ziume, majumbo achotsedwe onse, ndiye galimoto ilizidwe. Zida zake ndi zomwe zilipo kale pa siteji iliyonse. Chosowa ndi nthawi, pafupifupi ola lathunthu m'malo mwa mphindi khumi, ndipo ola limenelo liyenera kulipiridwa ndi mwini galimoto.

Zonsezi munthu angaziphunzire m'mawa umodzi. Mabungwe a eni minibasi ndi matakisi, amene amatolera kale ndalama m'masiteji a Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi ndi pa boma, angathe kuitana makanika wodziwa zamagetsi a galimoto mvula isanayambe mu Novembala, n'kusonkhanitsa anyamata otsuka kuti awaonetse pa injini yeniyeni poyenera madzi ndi posayenera. Eni galimoto, inuyo ndi amene mumagula masensa ndi makoyilo ku Limbe pa mtengo wa ndalama zakunja. Mulipireni wotsukayo ola lake, ndipo muime pomwepo boneti ikamatsegulidwa.